Mmene mungatetezere impso za munthu amene wasuta chamba cha makemikolo

Munthu amene wasuta chamba cha makemikolo akasiya kulusa n'kugona tulo, pakhomo pamakhala bata ndipo aliyense amaganiza kuti zoopsa zadutsa. Kuganiza koteroko n'kumene kumachedwetsa mabanja kupita kuchipatala, chifukwa pa nthawi imene mutu wa wosutayo ukubwerera m'malo, minofu yake ikhoza kukhala itayamba kale kusweka n'kutayira zam'kati mwake m'magazi, ndipo impso zimene zimasefa magaziwo zimayamba kufooka mwakachetechete m'masiku awiri kapena atatu otsatira. Malangizo awa ndikulembera makolo, achimwene, achemwali ndi anzawo a achinyamata a ku Mabvuku, Tafara, Epworth, Mbare, Dzivarasekwa ndi madera ena a mu Harare kumene ife olankhula Chichewa tachuluka, kuti adziwe chochita kuyambira ola loyamba kufikira wodwala atatuluka m'chipatala.

Chamba chimenechi si chomera ngati chija anzathu kuno amachitcha mbanje. Ndi makemikolo opangidwa m'labotale amene amasungunulidwa n'kupoperedwa pa masamba ouma a mtundu wina uliwonse, kapena kusakanizidwa m'madzi a ndudu zamagetsi. Kunja chimagulitsidwa m'timapaketi tonyezimira ta mayina monga Spice ndi K2, ndipo kawirikawiri pamalembedwa kuti ndi zofukiza chabe. Amodzi mwa makemikolo oyamba, otchedwa JWH-018, anapangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi gulu la John W. Huffman pa yunivesite ya Clemson ku America pofufuza mmene chamba chimagwirira ntchito m'thupi, ndipo kumapeto kwa 2008 akatswiri a ku Germany anawapeza m'mapaketi a Spice. Kuchokera nthawi imeneyo mitundu yake yafika m'mazana, pakuti boma likaletsa mtundu umodzi opanga amasintha pang'ono kapangidwe kake n'kutulutsa wina. Mankhwala a m'chamba cha kumunda, otchedwa THC, amadzutsa mbali zina za bongo mwapang'ono chabe, pamene makemikolowa amazidzutsa mpaka pamapeto, ndipo popeza wopopera sayeza, ndudu imodzi ya m'paketi ikhoza kungomuseketsa munthu, inzake ya m'paketi yomweyo n'kumugwetsa. Wogula sadziwanso zimene zawonjezeredwamo. Mu 2018 ku Illinois anthu ambiri anataya magazi atasuta chamba chotere chosakanizidwa ndi mankhwala a makoswe, ndipo ku Sierra Leone mtundu wotchedwa kush unasakaza achinyamata mpaka Pulezidenti Julius Maada Bio analengeza mu April 2024 kuti dziko lili pa ngozi. Kuno ku Harare zimene zimatchuka kwambiri m'makwalala ndi mutoriro (crystal meth), bronco (mankhwala a chifuwa oledzeretsa) ndi mbanje, koma munthu wogula ndudu yopichira kale kuseri kwa shopu alibe njira yodziwira ngati masambawo apoperedwa, ndipo mutoriro nawonso umaswa minofu mwa njira yomweyi, kotero zonse zimene zili pansipa zikukhudzanso wosuta mutoriro.

Kuti mumvetse chifukwa cha malangizowa, muyenera kudziwa kaye chimene chimachitika m'thupi. Minofu imasweka ikagwira ntchito mopyola muyeso, monga pamene munthu akulimbana ndi anthu omugwira kapena akuphupha ngati wa khunyu. Imasweka thupi likatentha kwambiri. Imaswekanso munthu akagona chikomokere kwa maola ambiri atapanikiza mkono kapena mwendo pa simenti, magazi osayenda bwino. Chamba cha makemikolo chimatha kubweretsa zonsezi usiku umodzi. Minofu ikasweka imatulutsa chinthu chofiira chotchedwa myoglobin, chimene chikafika ku impso chimatseka ndi kuwononga timachubu tosefera, makamaka ngati munthuyo ali ndi madzi ochepa m'thupi chifukwa cha thukuta ndi kusanza. Imatulutsanso mchere wa potaziyamu, ndipo impso zikalephera kuutaya umachuluka m'magazi mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima, mwakuti munthu akhoza kufa mwadzidzidzi akuoneka ngati akupeza bwino. Madokotala matendawa amawatcha rhabdomyolysis. Anawafotokoza bwino mu 1941 Eric Bywaters ndi Desmond Beall ku London, ataona anthu amene anafukulidwa m'nyumba zogwetsedwa ndi mabomba ali bwinobwino koma n'kumwalira patapita masiku ochepa impso zitaima.

Nthawi zina makemikolowa amavulaza impso mwachindunji. Mu February 2013 bungwe la zaumoyo la CDC ku America linafalitsa lipoti la anthu 16 a m'zigawo 6 amene impso zawo zinafooka mwadzidzidzi mu 2012 atangosuta chamba chotere. Pafupifupi onse anali anyamata, anafika kuchipatala akudandaula mseru, kusanza ndi kupweteka kwa m'mimba kapena msana, ndipo 5 mwa iwo anafunika kuikidwa pa makina osefa magazi. Choncho wosuta amene sanaluse kapena kukomoka koma akusanza ndi kumva kupweteka m'mbali mwa msana ayenera kutengedwa mofanana ndi amene analusa.

Choyamba kuchita, munthu akayamba kulusa, ndi kuchepetsa kulimbana. Pano ndikufuna kutsindika kwambiri, chifukwa zimene timachita mwachikondi ndi mwamantha ndizo zimawonjezera vuto. Kumumanga ndi chingwe kapena unyolo pa mtengo kapena pa bedi, kumukhalira pamsana amuna anayi, kumukwapula kuti "abwerere", zonsezi zimachititsa minofu kukokana ndi mphamvu zake zonse kwa nthawi yaitali, ndipo mikwingwirima ya zikwapu payokha ndi minofu yosweka. Kumupanikiza chafufumimba n'koopsa koposa chifukwa kumamutsekera mpweya. M'malo mwake chotsani mipeni, mabotolo ndi mbaula, balalitsani anthu oonerera, zimitsani wailesi, ndipo munthu mmodzi yekha amene wodwalayo amamukhulupirira amulankhule modekha pomutchula dzina. Ngati palibe kuchitira mwina koma kumugwira kuti asadzivulaze, mugwireni chogonera m'mbali, kwa nthawi yochepa, pamene wina akuitana ambulansi kapena kufunafuna galimoto.

Kenako ikani dzanja pamphumi ndi pachifuwa pake. Ngati thupi likuotcha, ndipo m'miyezi ya October ndi November muno mu Harare zimenezi sizichedwa, musunthireni pamthunzi, muvuleni jekete ndi majuzi, munyowetseni thupi lonse ndi madzi ozizira ndipo mumukupize ndi katoni kapena chitenje. Kutentha kotere sikutsika ndi mapiritsi chifukwa sikuchokera ku malungo, ndipo munthu wosokonezeka mutu amene thupi lake lafika madigiri 39 kapena 40 ayenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo, uku mukupitiriza kumuziziritsa m'galimoto. Akayamba kuphupha musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ingomutetezani mutu ndi chinthu chofewa ndipo muyang'ane wotchi; kuphupha kopitirira mphindi zisanu kapena kobwerezabwereza n'kwa kuchipatala, ndiponso ngakhale kuphupha kamodzi kokha mwa munthu amene alibe khunyu n'chifukwa chokwanira chokayezetsa magazi.

Akagona tulo tofa nato, kapena akaumira malo amodzi mmene achinyamata amanenera kuti wasitika, musamusiye m'chipinda chokhoma mpaka m'mawa. Mugonekeni cham'mbali pa matiresi kapena bulangete, bondo la pamwamba litapindika ndi kamwa litaloza pansi kuti akasanza asatsamwe, ndipo muonetsetse kuti palibe mkono kapena mwendo umene wapanikizika pansi pa thupi. Mutembenuzeni pafupipafupi ndipo nthawi iliyonse mumudzutse. Amene sakudzuka pomugwedeza ndi kumuitana, amene akupuma mwapatalipatali kapena akuliza mkonono wachilendo, kapena amene milomo yake yasintha mtundu, sakugona tulo wamba ndipo sayenera kudikiridwa. Musamuthire mkaka, mafuta ophikira kapena madzi m'kamwa ali chikomokere, pakuti zimenezi zimalowa m'mapapo. Amene mwamupeza m'mawa atagona kuseri kwa nyumba kapena m'ngalande, osadziwa kuti wakhalapo maola angati, mumuwerengere ngati minofu yake yasweka kale.

Tsiku lotsatira ntchito yaikulu ndi kuyang'ana mkodzo, ndipo apa m'pofunika kuchotsa manyazi. Mnyamata amene wadzuka ndi chisoni pa zimene anachita dzulo sadzanena yekha kuti mkodzo wake wasintha, ndipo m'chimbudzi chokumba kapena cha mdima sangauone n'komwe. Pezani botolo loyera la pulasitiki, monga la Mazoe la malita awiri, mulitsuke, mulidule kukamwa, ndipo mumupemphe kuti azikodzeramo nthawi zonse. Ngati mayi akuona kuti n'zosayenera, ntchitoyi aichite bambo, malume kapena mkulu wake, ndipo mawu ake akhale osavuta: "Mphwanga, za dzulo tikambirana tsiku lina, lero ndikungofuna ndione mkodzo wako chifukwa ndikuopa impso zako." Tulukani nalo botolo panja masana, muike pepala loyera kumbuyo kwake, ndipo muone mtundu. Mkodzo wachikasu kwambiri umangosonyeza kuchepa kwa madzi, koma wofiirira moderako ngati tiyi wosathira mkaka kapena Coca-Cola ndi chizindikiro cha myoglobin, ndipo tsiku lomwelo munthuyo ayenera kukhala ali kuchipatala. Lembani mzere pa botolo ndi nthawi yake ulendo uliwonse. Munthu wamkulu amene mkodzo wake wa tsiku lonse, usana ndi usiku, sukufika mamililita 400, kapena amene watha theka la tsiku osakodza ngakhale akumwa madzi, impso zake zayamba kuima.

Pali misampha iwiri imene muyenera kuidziwa. Woyamba ndi wakuti myoglobin imachoka msanga m'magazi, motero mkodzo ukhoza kuda m'mawa n'kuyera madzulo pamene impso zavulala kale. Mukauona wakuda kamodzi kokha, jambulani botolo pa foni ndipo mupite, musadikire kuona ngati ubwererenso. Wachiwiri ndi wakuti odwala ambiri sasonyeza zizindikiro zonse pamodzi, ndipo ena samva kupweteka kwa minofu n'komwe. Choncho yang'ananinso zina: ntchafu, akatumba, mapewa kapena msana zopweteka kuposa mmene ndewu ya dzulo ingafotokozere, kulephera kudzuka pa mpando kapena kukweza mikono, kusanza kosaleka, ntchirikiro yosatha, kutupa kwa mapazi ndi kumaso, kupuma mobanika, kugunda kwa mtima kodumphadumpha, ndi tulo kapena kusokonezeka kumene kukubwerera pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Mwendo kapena mkono umene watupa n'kuuma gwa, ukupweteka koopsa makamaka akatambasula zala, kapena wachita dzanzi, ndi ngozi ya maola ochepa, chifukwa minofu yotupa ikupanikiza mitsempha yake ndipo pangafunike opaleshoni kuti chiwalocho chipulumuke. Mkodzo umasinthanso mtundu ndi likodzo, malungo aakulu, chikasu ndi mankhwala a TB, koma kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya labotale, choncho musakhale naye kunyumba.

Pa nkhani ya madzi, wodwala amene ali maso, akumeza bwino ndipo akukodza, mupatseni madzi aukhondo pang'onopang'ono koma pafupipafupi kuyambira pamene wadzuka, kapena madzi a shuga ndi mchere aja timaphunzitsidwa ku kiliniki, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'mamililita 750. Ngakhale madzi atavuta bwanji m'dera lanu, ndowa yoyamba ya ku mjigo tsiku limenelo ikhale yake. Koma amene wasiya kukodza ndipo wayamba kutupa kapena kubanika musamukakamize malita a madzi poganiza kuti mutsegula impso, chifukwa madzi osowa potulukira amadzaza m'mapapo. Madzi akumwa amathandiza pa njira yopita kuchipatala, salowa m'malo mwa diripi.

Zimene simuyenera kumupatsa n'zofunika mofanana. Thupi likamaphwanya aliyense amathamangira ku tuckshop kapena ku famase kukagula Brufen, diclofenac kapena indomethacin, koma mapiritsi a gulu limeneli amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo kwa impso zimene zikulimbana kale ndi myoglobin ndi amene amamaliza ntchito. Mowa "wochotsera matsire", zakumwa zopatsa mphamvu ndi ndudu ina "yokhazika mtima pansi" nazonso zikanidwe. Mankhwala azitsamba osanzitsa kapena otsegula m'mimba, amene ena amati amatsuka chamba m'thupi, amachotsa madzi amene impso zikuwasowa, ndipo zitsamba zina pazokha zimawononga impso. Amene mkodzo wake wachepa asadye nthochi, mapeyala, mbatata ya kachewere kapena kumwa madzi a malalanje kufikira magazi atayezedwa, chifukwa zonsezi zili ndi potaziyamu wambiri. Sindikuletsa mapemphero, kaya a kumpingo kaya a kumzikiti, koma kusala kudya ndi kumwa kapena kugona kuphiri usiku wonse sikuyenera munthu wotere, ndipo abusa kapena ashehe amene amamukonda akhoza kumutsatira ku wodi.

Posankha kopita, kumbukirani kuti chofunika ndi malo amene angayeze magazi tsiku lomwelo ndi kuika diripi. Ngati wodwala akuyenda yekha ndipo mukungokayikira, polyclinic ya khonsolo ya m'dera lanu ikhoza kumuona, kuyeza mkodzo ndi kulemba kalata yomutumiza. Koma wokomoka, wophupha, wotentha thupi, wa mkodzo wakuda kapena wosakodza apite molunjika ku casualty ya chipatala chachikulu, monga Parirenyatwa, Sally Mugabe Central imene ambiri timaitchabe Gomo, kapena Chitungwiza Central kwa amene ali mbali imeneyo. Ndikudziwa kuti m'mabanja athu ambiri kukayika kumabwera pa ndalama ndi pa chitupa, makamaka kumene zikalata za makolo sizinalongosoke. Imbirani abale, a kumpingo kapena a bungwe la maliro muli kale pa msewu, pakuti masiku ochepa a diripi ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi milungu ya pa makina osefa magazi.

Mukafika nenani zoona zonse, ndipo muyambe ndi zimene zikuopsa. Kaya mulankhula Chishona kaya Chingerezi, mfundo zake zikhale izi: anasuta chiyani ndipo nthawi yanji, anaphatikiza ndi mowa, bronco kapena mutoriro kapena ayi, analimbana kapena kumangidwa kwa nthawi yaitali bwanji, anaphupha kangati, anagona pansi maola angati, anakodza komaliza liti ndipo mkodzowo unali wotani. Onetsani chithunzi cha mkodzo ndi cha paketi ngati munaipeza. Kubisa kuti munamumanga kapena kumumenya sikuteteza aliyense, kumangomuchotsera dokotala chinthu chimene chikanamufulumizitsa kuganizira za minofu. Tchulaninso mankhwala onse amene wodwala amamwa, makamaka ma ARV okhala ndi tenofovir, metformin ya shuga ndi mapiritsi a BP monga enalapril, chifukwa impso zikafooka dokotala angafune kusintha kapena kuimitsa kaye ena mwa iwo, ndipo chisankho chimenecho ndi chake. Dziwaninso kuti zoyezera mankhwala ozunguza bongo mu mkodzo zimene zimapezeka kawirikawiri zinapangidwa kuti zipeze THC, ndipo makemikolowa nthawi zambiri siziwaona. Zotsatira zonena kuti mulibe chamba sizitanthauza kuti mwana wanu sanasute.

Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati ayeza zinthu zitatu. Choyamba ndi CK, chinthu chimene chimatuluka m'minofu yosweka. Ikapitirira kasanu mlingo wake wa nthawi zonse, kapena kuti cha m'ma 1,000, madokotala amati minofu yasweka, ndipo ikadutsa 5,000 chiopsezo cha impso chimakula. CK imafika pachimake pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu, choncho yoyezedwa m'maola oyambirira ikhoza kuoneka yotsika ndipo iyenera kubwerezedwa. Chachiwiri ndi U&E, imene imasonyeza creatinine ndi urea, zinyalala zimene zimachuluka m'magazi impso zikafooka, komanso potaziyamu; potaziyamu wa munthu wabwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0, ndipo akafika 6 ndi kupitirira pamafunika mankhwala achangu ndi kujambula kagundidwe ka mtima pa ECG. Chachitatu ndi kamzere koviika mu mkodzo, kamene kakasonyeza magazi pamene pa maikulosikopu sipakuoneka maselo ofiira, ndiye kuti ndi myoglobin. Ngati mwatumizidwa kukayezetsa ku labotale ya kunja, pitani nthawi yomweyo ndipo mubwerere ndi zotsatira tsiku lomwelo.

Chithandizo chachikulu ndi madzi a diripi ambiri ndithu, operekedwa msanga kuti myoglobin ikokoloke isanatseke timachubu, ndipo anamwino amayeza mkodzo wotuluka, nthawi zina kudzera pa kachubu koikidwa m'chikhodzodzo. Wodikirira wodwala angathandize kwambiri pouza namwino botolo la diripi likatha kapena likaima, ndi polemba zonse zimene wodwala wamwa ndi kukodza. Achinyamata ambiri amafuna kuthawa pa tsiku lachiwiri chifukwa mutu wayera ndipo chibaba chayamba, koma limenelo ndi tsiku limene CK ndi creatinine zimakhala zikukwera, kotero mugwirizane ndi adokotala kuti asatuluke manambala asanayambe kutsika. Dokotala akanena za dialysis, kutanthauza kuikidwa pa makina osefa magazi aja, musaiope ngati chilango cha moyo wonse. Pa vuto ili makinawo nthawi zambiri amagwira ntchito ya impso kwa masiku kapena milungu ingapo pamene timachubu tikuchira, ndipo ambiri mwa achinyamata amene analibe matenda a impso kale amachira n'kusiya makinawo.

Akatuluka, sungani kalata ya kuchipatala ndi manambala ake a creatinine, ndipo mubwerere kukayezetsa pa tsiku limene mwauzidwa ndiponso patatha miyezi itatu, pamodzi ndi BP ndi mkodzo, chifukwa impso zimene zinavulalapo zimakhala pa chiopsezo cha matenda okhalitsa. Asayambe msanga ntchito zolemetsa monga kuumba njerwa, kukankha ngolo ku Mbare Musika kapena kunyamula zitsulo ku jimu kufikira dokotala atavomereza, ndipo kulikonse kumene akalandire mankhwala azinena kuti impso zake zinadwalapo kuti asapatsidwe Brufen ndi anzake. Amene wakhala akusuta tsiku ndi tsiku akasiya amavutika ndi kusowa tulo, thukuta, mseru, kupsa mtima ndipo ena amaphupha, choncho musanachoke m'wodi pemphani kuti amulembere kalata yokaonana ndi a zamaganizo, monga ku Annexe ya Parirenyatwa kapena ku chigawo cha matenda a maganizo cha Sally Mugabe, ndipo tsiku loyamba lopita kumeneko pakhale wachibale womuperekeza.